Maluwa Osungunuka

"Sindikunyengerera ayi. Mwana wanga unandibwezera m'bokosi, ndiye zojambula zakezo undipatse lero."

Mayi wogulitsa nyamayo anaima pakhomo, manja ali m'chiuno. Maliro anali ataikidwa kale, koma mkamwini wake, dalaivala wa lole, ankangozembazemba. Ankauza anthu kuti mkazi wake anagwa pa masitepe. Mayiyo anali atauona mtembo, ndipo masitepe alibe zala zoti n'kusiya zipsera pakhosi. Apolisi ankati akufufuza. Iye analibe nthawi yodikira apolisi.

"Apongozi, khalani pansi tikambe ngati anthu."

"Anthu ake ati? Muno munthu ndine ndekha."

Zojambulazo zinali pa tebulo, mulu wa mapepala olimba, lililonse ndi duwa lake lopentedwa ndi utoto wa madzi. Malemuyo ankanyowetsa pepala, kulimata pa thabwa, kenako n'kumadonthetsera utoto pang'onopang'ono mpaka duwa litatuluka. Mayi ake ankamukalipira kuti maluwa sadyedwa. Tsopano ndi zokhazo zimene zinatsala zotuluka m'manja mwake.

"Pali bwana wina wa hotela akuzifuna," anatero mkamwini. "Mapepala ndinkagula ndine. Utoto ndine. Bwanji tingogawana pakati?"

"Pakati ndimadula ng'ombe. Mwana wanga sindidula."

Mayiyo anatambasula dzanja kuti atenge muluwo. Mkamwini analigwira n'kulipotokola. Apa ndiye analakwitsa, poti dzanja limenelo limathyola nthiti za ng'ombe tsiku ndi tsiku. Mayiyo anamugunda ndi mutu pamphuno, magazi ali chuchuchu, natola thabwa lomatira mapepala n'kumusasantha nalo pakhutu mpaka khutulo linang'ambika. Botolo la maburashi linagwa n'kusweka. Mkamwini anaponda galasi, nabuula, n'kumukankhira mayiyo pa kabati. Dzino linaguluka. Mayiyo analilavula n'kudzuka.

"Bwera. Ine si uja ankakhala chete uja."

Mkamwini sanabwere. Anaponya maso uku ndi uku, naona ndowa yokolopera ili pakona, yodzaza madzi. Utoto umenewu ankaudziwa khalidwe lake, anali atakhala nawo nyumba imodzi zaka zambiri.

"Simuzitenga," anatero, nakhuthulira ndowa yonse pa tebulo.

Mayiyo anathamangira n'kuyamba kupukuta ndi epuloni yake, mwamphamvu, ngati mmene amapukutira pa tebulo la nyama. Pamene ankapukuta m'pamene maluwawo ankasungunukira. Chofiira, chachikasu, chobiriwira, zonse zinasanduka matope n'kumadontha pansi. Anasuzumira pepala la pansi penipeni. Nalonso linali litapita. Atatembenuka, mkamwini anali atatuluka, akutsimphina.

Anakhala pa mpando wa mwana wake pafupi ndi zenera. Pamenepo panali kabotolo ka mankhwala, m'kati mwake muli kaduwa kaja kamamera m'ngalande, kamene anthu amangokaponda osakaona. Kanali katawerama, madzi ataphwa. Pa tsinde pamene panathyoka, mwana wake anali atamangirirapo kamtengo ka machesi ndi ulusi kuti kaime.

Mayiyo anapukuta magazi kukamwa, nanyamula kabotoloko ndi manja awiri kupita nako ku mpopi.