Kabuleta ya a Gogo

"Pano panali chinthu," anatero a Tayi, akuloza m'mbali mwa injini pomwe panangotsala mabawuti awiri ndi kapaipi kolendewera ngati mchira wa khoswe. "Ine za makina sindizidziwa, koma dzino likaguluka m'kamwa ndimaona."

Onse anawerama kusuzumira, ngati kuti chinthucho chichita manyazi n'kubwerera chokha. Make Mapasa yekha ndiye sanayang'ane injini. Iye anayang'ana mwamuna wake.

Mzime, mwana wotsiriza wa malemu, ankakanda kuseri kwa khutu.

Khutu limenelo Make Mapasa ankalidziwa bwino. Linakandidwa tsiku lomwe ayironi yake inasowa, linakandidwanso pomwe wailesi inapita kokonzetsa n'kukakhazikika komweko mpaka lero.

Maliro anali atangotha kumene, mipando yobwereka idakali mulu pabwalo. Mdalayo anasiya mkazi mmodzi, ana atatu ndi mathirakitala awiri. Imodzi inafa kalekale, inangokhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wake. Inayo, yofiira, yopanda batire, yoliza ndi handulo, ndiyo ankaitcha a Gogo, poti woigula anali agogo awo a anawa. Mdalayo ankaisambitsa kuposa momwe ankasambira mwini wake, ndipo mkazi wake ankangoitchula kuti "mkazi mnzanga wa m'shedi."

"Chasowacho n'chiyani kwenikweni?" anafunsa Namwino, mlongo wawo wapakati, atagwira mphuno chifukwa cha fungo la oyilo.

"Kabuleta, ija yomwetsa injini petulo," anayankha Mzime chapansipansi. "Yamkuwa."

"Mwamva?" anatero a Tayi. "Akudziwa mpaka mtundu wa chitsulo chake!"

"Ndisadziwe bwanji, achimwene? Ndakulira m'shedi muno."

A Tayi anali mwana woyamba, wogwira ntchito ya mu ofesi kutauni, ndipo anthu ankati anabadwa atamanga kale tayi, azamba anangoiwongola. Anapukuta chala chomwe sichinakhudze kanthu.

"Tamvera, iwe. Kanyumba ukukhalako bambo anakuikamo kuti uziyang'anira shedi ino. Sikako. Loweruka m'mawa, ndisananyamuke, ndikufuna ndimve a Gogo akulira. Akapanda kulira, utenge mkazi wako, mapasa ako ndi khutu lakolo, mukaone kolowera. Ine ndili ndi mlamu wanga wosamwa amene akusowa pokhala."

Mayi awo anali chiimire pakhomo la shedi, manja kumbuyo. Anangotembenuka n'kumapita.

Atangolowa m'kanyumba kawo, Make Mapasa anatseka chitseko ndi msana.

"Bambo a mapasa, ndiyang'aneni."

"Ndikukuyang'ana."

"Mukuyang'ana kalendala. Ine ndili kuno."

"Sindinatenge ine. Pamaliro panali anthu ochuluka, aliyense amalowa paliponse."

"Munthu wobwera kudzalira amayenda ndi sipanala m'thumba?"

"Bwanji osafunsa achimwene? Mlamu wawoyo sanayambe lero kuisirira nyumba ino."

Apo Make Mapasa anayamba kukayika. Bodza la mwamuna wake nthawi zina linkabwera litanyamula kachilungamo pamsana. Nanga a Tayi, munthu woti sasiyanitsa girisi ndi phula, anadziwa bwanji msanga chonchija kuti pali chosowa?

Masana ake, a Tayi atagona pamthunzi nyuzipepala kumaso, Make Mapasa anatenga ndowa ndi kansanza.

"Alamu, galimoto yanu yachita fumbi. Ndipatseni makiyi ndikupukutireni ndi m'kati momwe."

"Mwaona, alamu? Inu ndinu munthu," anatero a Tayi, akupereka makiyi osachotsa nyuzipepala. "Munangolakwitsa pokwatiwa."

M'buti munali jeke ya malemu, bokosi lawo la masipanala, pampu ya matayala ndi chipewa chawo cha dzuwa, zonse zitafunditsidwa bulangete ngati zikumva kuzizira. Pansi pa mpando panali makatani a pabalaza, omwe Namwino analumbira dzulo lake kuti anawatengera kochapa. Kabuleta yokha ndiyo munalibe.

Make Mapasa anabwezera bulangete mmene analipezera. Banja lonse linali ndi zala zazitali, koma mwamuna wake yekha ndiye ankaba zinthu zosiya bowo.

Anabwerera kunyumba n'kupisa m'jekete lomwe Mzime anavala tsiku loika maliro. Thumba la m'kati linali long'ambika pakamwa, ngati munakakamizidwa chinthu chachikulu, ndipo linkanunkha petulo. M'thumba linalo munali zitsekerero za mabotolo. Anakhala pabedi, jekete pamiyendo, n'kuyang'ana makina ake osokera, mabedi a ana, ndi kashelefu komwe apongozi ake aamuna anamukhomera ndi manja awo. Zonsezi akanapita nazo kuti?

Lachisanu m'mawa anakwera njinga n'kupita kwa wogula zitsulo zakale, kuseri kwa msika. Anamupeza atakhala pa firiji yakufa, akumwa tiyi m'chitini.

"Achimwene, simunalandireko kachitsulo kamkuwa, kokhala ngati kampopi kotupa masaya?"

"Mayi, ine ndimagula zitsulo, sindigula nkhope za anthu."

"Sindinafunse nkhope."

"Ndiye mwafunsa bwino. Mkuwa wonse unakwera lole dzana. Panopa mwina wasanduka kale zogwirira zitseko." Anamwa tiyi, n'kumuyang'ana chammbali. "Mdala uja wapita, eti? Pepani. Anali munthu wovuta mtengo, koma munthu."

"Ankabwera kuno?"

"Aliyense amabwera kuno, mayi. Ena kudzasiya, ena kudzafuna."

Make Mapasa anafunsanso kwa amakaniko awiri. Woyamba anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti thirakitala ya mtundu umenewo inasiya kupangidwa amayi ake asanamere mano. Wachiwiri anati akhoza kuifufuza, koma apatsidwe miyezi.

Anafika pakhomo chimanjamanja. Apongozi ake anamukodola pawindo.

"Mwana wanga, tabwera undithandize kupinda zovala za bambo ako."

Make Mapasa ankatulutsa chimodzichimodzi m'kabati, kukutumula, kupisa m'matumba, kupinda, n'kulongedza m'zikwama: mathalauza, majekete, maovolosi olimba ndi girisi moti akanatha kuima okha. M'matumba munkatuluka timisomali, mawaya ndi maswiti osungunuka. Kabati inatsala mbee.

"Unapita kumsika?" anafunsa mayiwo, osadzutsa mutu.

"Eya, amayi. Kukafuna ulusi."

"Waupeza?"

"Mtundu wake unatha."

"Umatha, ulusi umenewo," anatero mayiwo, n'kumanga chikwama.

Make Mapasa anawayang'anitsitsa. Kodi akudziwa? Kapena iwonso akufuna mwana wawoyo achoke, apumeko? Nkhope ya mayiwo inali ngati chitseko chotseka.

Loweruka linafika. A Tayi anafika ku shedi atamanga tayi yakuda, makiyi a galimoto akulira m'manja. Namwino anabwera ndi mpando wake, poti nkhani yabwino saionera chiimire. Mzime anaima pafupi ndi a Gogo, maso ofiira, manja ali lende. Make Mapasa anali atayamba kale kumanga mapoto m'nsalu, mapasa asanadzuke.

"Chabwino," anatero a Tayi. "Tiyeni timve nyimbo."

"Achimwene, mukudziwa kuti popanda..."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndadzuka m'mawa."

Pomwepo mayi awo analowa pang'onopang'ono, atanyamula kanthu kokulunga m'nsanza. Anakaika pa tayala lalikulu la a Gogo n'kukamasula. Mkuwa unanyezimira.

"Mukufuna ichi?"

Namwino anadzuka pampando. A Tayi anasendera pafupi.

"Mwachitenga kuti, amayi?"

"M'zovala za bambo ako. Dzulo tikupinda. Anachichotsa okha kuti achitsuke, matenda n'kuwapeza asanabwezere."

"M'zovala?"

"M'thumba la ovolosi. Kodi bambo ako sukuwadziwa? Munthu woti anapitapo ku ukwati ndi pulagi ya injini m'thumba la suti?"

A Tayi ananyamula kabuletayo, kuitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza. Kenako anatembenukira kwa Make Mapasa.

"Alamu, inu munalipo popinda zovalazo?"

Matumba onse aja Make Mapasa anapisamo ndi dzanja lake lomwe. Anayang'ana apongozi ake, koma iwo ankayang'ana nkhuku.

"Ndinalipo, alamu."

"Munachiona?"

"Maovolosi aja ngolemera, alamu. Mungabisemo ngakhale jeke, munthu osadziwa."

Anatchula jekeyo mofatsa, akuwayang'ana m'maso. A Tayi anakhosomola n'kuwongola tayi.

"Koma chikuoneka chatsopanopo kuposa chija."

"Chija unachiona liti, mwana wanga?" anafunsa mayiwo. "Iwe m'shedi muno unasiya kulowa uli ndi kabudula."

Namwino anaseka mpaka kugwira m'nthiti. A Tayi anakankhira kabuletayo kwa mng'ono wawo.

"Manga. Tione ngati alire."

Mzime anailandira ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana mayi ake, n'kuiyang'ananso. Bawuti yoyamba inamupulumuka n'kugwa pansi kawiri. Anapempha sipanala, koma pakhoma pomwe pankakhala bokosi panali msomali wokha. A Tayi anati mwina m'galimoto mwawo mungapezeke ina yawoyawo, ndipo anapita kukaitenga, bokosi lonse n'kulisiya komweko.

Atamanga, Mzime analumikiza kapaipi, kutsegula petulo, kudikira kuti adzaze, n'kupita kutsogolo. Analowetsa handulo, chala chachikulu n'kuchipinda pamodzi ndi zinzake, kuopa kuti a Gogo akabweza angamuthyole dzanja. Anapukusa. A Gogo anatsokomola n'kukhala chete. Anapukusanso. Chete.

"Alamu, mapoto mwamanga kale?" anafunsa a Tayi.

Mzime anapukuta thukuta, kukoka kawaya ka mpweya, n'kukoka handulo ndi msana wonse. A Gogo anayetsemula, anatukwana, kenako anabangula, utsi wakuda n'kudzaza shedi. Nkhuku zinabalalika, malata ananjenjemera, tayi ya a Tayi inaulukira paphewa. Mzime anatsamira boneti, misozi ikutsika.

"Ndi utsi," anatero, ngakhale panalibe amene anamufunsa.

A Tayi ananyamuka dzuwa lisanakwere, galimoto itakhala pansi kumbuyo chifukwa cha katundu. Pawindo anatulutsa chala.

"Ndidzabweranso, iwe. Ndizidzawerenga mabawuti!"

"Muyende bwino, alamu," anatero Make Mapasa. "Mabampu muziwasamala, mwalemedwa."

Fumbi litatsika, iye sanapite kukamasula mapoto. Analunjika kuchipinda kwa apongozi ake, n'kuwapeza atakhala pabedi ngati akumudikira.

"Amayi, m'zovala zija munalibe kanthu."

"Tseka chitseko. Ndiye ugwade, ukoke chili pansi pa bedipa. Msana wanga wakana."

Linali sutikesi lachitsulo, lolemera ngati muli munthu. Make Mapasa analikoka mpaka pakati pa chipinda n'kulitsegula. Fungo la oyilo linatuluka. M'katimo munali timitolo tambiri, tondandalikidwa bwinobwino, kalikonse kokulungidwa m'chidutswa cha malaya akale a malemu n'kumangidwa ndi kawaya. Anamasula kamodzi: kampopi ka petulo. Kena: chitsekerero cha thanki, chamkuwa. Kena: nyali yaing'ono.

"Chilichonse cha a Gogo chomwe chingalowe m'jekete la mwamuna wako chili ndi mnzake umu," anatero mayiwo. "Bambo ako anayamba kuzisonkhanitsa mnyamatayo atangoyamba kumwa. Ankayenda m'misika, m'magalaja, mpaka m'minda ya anthu momwe mathirakitala anafera. Ine ndinkati ali ndi chibwenzi. Tsiku lina ndinawalondola, n'kukawapeza akunyengerera wogula zitsulo ngati akufunsira mkazi."

"Achimwene awo ndi achemwali awo akudziwa?"

"Akanadziwa, bwenzi sutikesili lili m'buti."

"Nanga bambowo ankamukalipira mwana wawoyo?"

"Ngakhale kamodzi. Ankangodzuka m'mamawa, kumanga chatsopano, n'kubwera kudzamwa tiyi akudandaula kuti makoswe a m'shedi muja amadya mkuwa. Ine ndinkawauza kuti mukumuwononga mwana. Iwo amvekere, 'Ndikamuthamangitsa, adzukulu anga akagona kuti?'" Mayiwo anapukuta mphuno. "Mwina ankalakwitsa. Koma ndi mmene analili."

Pakona ya sutikesi panali malo opanda kanthu. Mayiwo anatenga nsanza yomwe inakulunga kabuleta ija, kolala yake idakalipo ndi batani limodzi, anaiwongola pabondo, kuipinda kanayi monga ankapindira mwini wake, n'kuiika pamalopo.

"Kanikizira m'mbali, mwana wanga," anatero. "Sankafuna kuti zizigundana."