A Lefteris Atulukire Khomo la Kutsogolo

A Lefteris anamwalira Lachiwiri m'mawa, khofi wawo asanazizire n'komwe. Pofika masana akazi awo, a Stamatia, anali atakangana kale ndi anthu atatu, moti mpata wolira sanaupeze.

Chimene ankafuna sichinali chachilendo ayi. Kwawo kuno ku Glyfada munthu akamwalira amagonekedwa m'nyumba mwake, chivundikiro cha bokosi n'kuimikidwa panja pa khomo, pambali pake n'kumatapo pepala la dzina lake ndi ola la maliro. Odutsa amaona, n'kulowa kudzapepesa. Mawa lake malemuyo amatulukira pakhomo lomwelo, atanyamulidwa pamapewa. Apongozi awo anatuluka choncho pamalo omwewa, nthawi imene panali kanyumba ka zipinda ziwiri ndi mtengo wa mandimu.

Kanyumbako kanagwetsedwa zaka zisanu zapitazo. Mwana wawo Charilaos ndi amene anawanyengerera kuti apereke malowo kwa kampani ya Valdemarra ya ku Milan, imene inatopa ndi kusoka madiresi ndi zikwama n'kuyamba kumanga nyumba. Posinthana ndi malowo anapatsidwa nyumba imodzi pansanjika yachiwiri ya chinyumba chatsopanocho, pamodzi ndi buku la malamulo la masamba makumi asanu ndi atatu. Makatani akhale otuwa ngati phulusa. Zovala zisayanikidwe pakhonde. Maluwa akhale oyera okhaokha. Ngakhale fungo la m'makonde linkachokera ku Milan m'mabotolo. A Stamatia anazimeza zonsezi, chifukwa amuna awo ankati pa ukalamba munthu salimbana ndi makatani. Charilaos naye ankawapempha kuti asamasokose, poti kampaniyo inamulonjeza ntchito yogulitsa nyumba zina zimene inkamanga ku Voula.

Anthu okonza maliro anaimika chivundikirocho pakhomo nthawi ya leveni. Mphindi khumi zisanathe chinali chitasowa, ndi pepala lomwe.

A Stamatia anatsika n'kukapeza Nikiforos, woyang'anira maonekedwe a nyumbayo. Ntchito yake inali imeneyo basi, kuyendayenda ndi suti yakuda n'kumaona ngati mtsamiro wapendekeka. Ankafuna kuti anthu azimutchula kuti Nico, ngati wa ku Italy, chikhalirecho mayi ake ankagulitsa nsomba pamsika wa Lachinayi zaka makumi atatu.

"Chivundikiro chili kuti?"

Nikiforos anapepesa za zovutazo ndi mawu osalala. Anati chasungidwa pabwino, kunsi kosungira magalimoto. Anatchula ndime ya m'buku lija yoletsa kuika kapena kumata chilichonse pakhomo, poti khomolo ndi nkhope ya Valdemarra. Anawonjezanso kuti mawa m'mawa kubwera alendo odzaona nyumba ya pamwamba penipeni, yokhayo imene inali isanagulidwe, choncho bokosi litsike ndi chikepe cha katundu n'kutulukira kunsi komweko.

Chikepe chimenecho a Stamatia ankachidziwa bwino. Ndi chimene ankatsitsira zinyalala ndi agalu a anthu.

"Iwe Nikiforos, amuna anga anabadwira pamene waimapo. Ukufuna atuluke ndi matumba a zinyalala?"

"Mayi, amuna anu anasaina okha, tsamba lililonse. Cholembera sichinkawalemera tsiku limenelo. Anthu amene anagula muno sanagule maliro anu."

"Mayi ako ankandigulitsa nsomba zogona, koma manyazi anali nawo. Iwe unawasiya kuti, ku Milan?"

Makutu a Nikiforos anafiira. Anawauza kuti ngati chivundikirocho chibwerera pakhomo aitana apolisi, ndipo anatembenuka n'kuyamba kukonza maluwa amene anali okonzeka kale.

Charilaos anafika madzulo ali ndi foni kukhutu. Anayesa kuwauza mayi ake kuti masiku ano anthu sagonekanso maliro m'nyumba, kuti wakufa sadziwa khomo limene watulukira, kuti achibale onse awatumizira kale uthenga pafoni. A Stamatia anamugwira dzanja n'kumukokera pamene panagona bambo ake, pakati pa makandulo awiri, n'kumuuza kuti alumbire pamenepo. Amuna anayi anyamule bokosi mawa hafu pasiti teni, atsike masitepe akuluakulu, atulukire kutsogolo. Charilaos anayang'ana pansi n'kuvomera. Iwo anamukhulupirira, poti anali mwana wawo mmodzi yekhayo.

Koma mtima sunakhale pansi. Anadziwa kuti Nikiforos angathe kukhoma khomo lija n'kunamizira kuti lawonongeka. Ndiye Lachitatu, itangokwana naini, anapsompsona amuna awo pamphumi mwachangu, n'kuwauza kuti akumana pansi. Anatenga mpando wa kukhitchini, wamiyendo yachitsulo, umene anaubisa kwa Nikiforos zaka zonsezi, n'kutsika nawo. Anauika pakati penipeni pa khomo, chitseko chili chotsegula, n'kukhalapo atavala zakuda, pepala lina la maliro lili pamiyendo.

Aliyense wodutsa mumsewu ankamuuza mokweza kuti a Lefteris Kourounis, okonza injini za maboti, amwalira m'nyumba muno, maliro ndi leveni koloko kutchalitchi. Mnyamata wothamanga anachotsa zam'makutu zake n'kupepesa. Mayi wina wokankha mwana m'kangolo anawoloka msewu.

Nikiforos anabwera ndi buku lake. Anavundukula masamba uku ndi uku, koma palibe amene anaganizapo zoletsa mwininyumba kukhala pampando. Anawapempha kuti achokepo. Kenako anawaopseza ndi loya. Pomaliza anawerama n'kunong'ona kuti nkhalamba ngati iwowa ndi zimene zimawononga nyumba zabwino, ndipo kampani ikungodikira tsiku lawo.

"Dikira," anatero a Stamatia. "Nanenso ndidzatulukira pompano."

Anthu akale anabwera ochepa, poti ambiri anagulitsa malo awo n'kusamukira kutali. Anafika a Evdokia, mnzawo wa pa ubwana, amene anakwera mabasi awiri, komanso asodzi atatu okalamba ovala majekete onunkha m'sutikesi. Sanakwere kumwamba. Anaimirira kumbuyo kwa mpando kuti adzalandire bokosi likamatuluka.

Alendo aja anafika teni koloko pagalimoto yaitali, mwamuna ndi mkazi, onse a magalasi akuda. A Stamatia anawalengezera nawonso malirowo, n'kuwaonetsa pepala. Mkaziyo anafunsa kanthu m'chilankhulo chake, Nikiforos n'kuyankha uku akuseka mokakamiza, thukuta lili kamukamu. Alendowo anachita kudutsa cham'mbali, mmodzimmodzi, pakati pa mpando ndi khoma. A Stamatia anakondwa, ndipo sanachite manyazi kukondwa pa tsiku la maliro. Anaganiza kuti a Lefteris akanaseka mpaka kutsokomola.

Hafu pasiti teni inakwana. A Stamatia anawongola diresi lawo n'kutembenuza mpando kuti ayang'ane masitepe. Anatchera khutu kuti amve nsapato za anthu olemedwa. M'nyumbamo munkangomveka kanyimbo kapansipansi kamene kampani inasankha. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Mmodzi wa asodzi aja anati mwina akuvutika pokhota, bokosi ndi lalitali.

Kenako a Evdokia anawagwira paphewa.

Galimoto ya maliro inkakwera pang'onopang'ono kuchokera kunsi, pa kamsewu ka m'mbali mwa nyumba, n'kudutsa pafupi ndi migolo ya zinyalala. Bokosi linali mkati, lotseka kale, nkhata zamaluwa zili pamwamba. Charilaos ankayenda kumbuyo kwake. Galimoto itaima pamsewu anabwera kwa mayi ake, koma kumaso sanawayang'ane.

"Amayi, tiyeni mukwere. Abambo wansembe akudikira."

A Stamatia anadzuka. Miyendo inali itachita dzanzi, ndipo a Evdokia anawagwira pamkono.

"Bambo ako wawatsitsa ndi chikepe chiti?"

Charilaos anayamba kunena za alendo aja, za ntchito ya ku Voula, kuti ali ndi ana awiri kusukulu, kuti zonse zachitika mwaulemu ndipo m'chikepemo munayalidwa nsalu pansi. Mayi ake sankamva. Chimene chinawalasa mumtima n'chakuti anakhala pampando ola ndi theka akulondera khomo, ndipo amuna awo atuluka m'nyumba mwawo komaliza iwo palibe, osaona n'komwe nkhope yawo bokosi likutsekedwa. Apa ndi pamene misozi inabwera, ndipo inawakwiyitsa, chifukwa Nikiforos ankaonerera pagalasi.

Charilaos anatambasula dzanja kuti awathandize kukwera. Iwo analikankha.

"Kumanda ukaime kumbali ya anthu odzapepesa," anatero. "Kwa achibale kukaima ine ndi Evdokia."

Sanakwere. Anauza woyendetsa kuti ayende pang'onopang'ono, ndipo anayamba kulondola galimotoyo wapansi, dzanja limodzi litagwira chitseko chake chakumbuyo.