Belo ya Bashir

Anifa anayesanso kumeza tiyi, koma anabwezera kapu patebulo atakwinya nkhope. Anali atafika m'mawa womwewo ku North York, mumzinda wa Toronto ku Canada, kwa mlamu wake Marwa, pa basi yochokera ku Brampton, alibe ngakhale kachikwama ka zovala.

"Ndi chimfine chabe, alamu," anatero ndi mawu osasa.

Marwa anali mlongo wake wamkulu wa Bashir, mwamuna wa Anifa. Anamuyang'anitsitsa mlamu wakeyo ndipo anaona timadontho tofiira m'maso mwake ndi mpango umene anamanga pakhosi.

"Tamasulani mpangowo."

"Alamu..."

"Muno tilimo awiri. Masulani."

Anifa anamasula pang'onopang'ono. Mbali zonse ziwiri za khosi kunali mikwingwirima ya zala. Anafotokoza akuyang'ana pansi. Dzulo lake anauza Bashir kuti wapeza malo kukoleji ku Oshawa. Bashir anati mkazi wake sangamakwere sitima tsiku ndi tsiku kupita kutali choncho. Anakangana. Kenako Bashir anamupanikiza pa filiji n'kumukanyanga pakhosi mpaka m'maso munada. Atatsitsimuka anali pansi, Bashir akumuwaza madzi kumaso uku akulira.

"Aka n'koyamba?"

Anifa anapukusa mutu.

Kuchipatala nesi anamufunsa ngati anakomoka, ngati akumeza bwino, ngati anadzikodzera. Funso lomalizali Anifa anavomera ndi mutu wokha. Madokotala anamujambula khosi. Nesi uja anawauza kuti munthu wokanyangidwa pakhosi amatha kuvulala mkati, n'kudzagwa patapita masiku pamene aliyense akuti wachira. Anatinso mwamuna amene wafika pogwira khosi la mkazi wake amakhala atayandikira kupha. Ndiyeno anafunsa ngati aitane apolisi.

Anifa anatembenukira kwa Marwa. Marwa anamugwira dzanja.

"Vomerani, mlamu."

Wapolisi amene anabwera anali mayi. Anafotokoza kuti m'malamulo a Canada kukanyanga munthu pakhosi ndi mlandu wolemera kuposa kumenya wamba, ngakhale pakhungu pasaoneke kanthu. Anawachenjezanso kuti mlandu ukatsegulidwa umakhala wa boma, Anifa sangadzauthetse yekha ngakhale mtima utabwerera. Anifa analira, koma ananena zonse. Masana omwewo apolisi anakamutenga Bashir kuntchito, kunyumba yosungiramo katundu kumene ankayendetsa makina onyamulira mabokosi.

Tsiku lotsatira a Bwanali anaimba foni. Anali amalume awo a Marwa ndi Bashir, ndipo ndiwo anali nkhoswe paukwatiwo.

"Marwa, wayamba liti kupereka m'bale wako kwa apolisi? Ankhoswe tinamwalira?"

"Amalume, khosi lake mwaliona?"

"M'banja anthu amayambana. Tikanakhala pansi. Koma zachitika, tiyeni tikonze. Loya akuti mawa kukhoti akufuna wachibale woti amusainire belo, azikhala naye pakhomo ndi kumuyang'anira. Ine kwanga n'kuchipinda chimodzi, ukudziwa. Watsala ndiwe."

"Nanga Anifa? Ali kuno."

"Ndiye vutolo. Khoti silimulola Bashir kuyandikira pamene pali mkaziyo. Iyeyo apite kumalo osungirako azimayi aja. Boma lili nawo ambiri."

Marwa anati aganiza kaye. Anakhala pampando wa kukhitchini, foni ili m'manja. Mayi awo atamwalira ku Mangochi, Bashir anali asanayambe n'sukulu yomwe. Marwa ndiye ankamubereka kumbuyo popita kuchigayo, ndiye anamuphunzitsa kuvala nsapato, ndiye anavutika ndi mapepala mpaka mwanayo anatera ku Toronto atavala jekete yopyapyala pakati pa chisanu. Ndiyenso anasankha Anifa, n'kukalonjeza kwa makolo ake kuti mwana wawo akakhala m'manja abwino.

Chakumadzulo foni inaliranso. Inali yochokera kundende.

"Achemwali, ndine." Mawu a Bashir anali ngati a mwana. "Kuno sindinagone. Mubwera mawa eti?"

"Bashir, unamutani Anifa?"

"Sindinamumenye, achemwali. Mufunseni. Sindinamumenyepo n'kamodzi komwe. Ndinangomugwira kuti asiye kulankhula."

"Anasiya?"

Marwa anabwereza funsolo.

"Ndikufunsa. Anasiya kulankhula?"

"Anasiya. Koma nditaona kuti wafooka ndinamusiya. Ndinamusiya ndekha, panalibe wondiletsa."

Marwa anatseka maso. Ankayembekezera kuti mlongo wake anama, kapena alira n'kupepesa. Sanayembekezere kuti anena zimenezi ngati munthu amene akufuna kuyamikiridwa.

"Ukanachedwa pang'ono, lero tikanakhala tikusambitsa maliro."

"Achemwali, ndikapezeka wolakwa akhoza kundibweza kumudzi. Mukudziwa mapepala anga."

"Ndikudziwa. Ndinawayendera ndine."

"Ndiye mubwera?"

"Kukhoti ndibwera, undiona. Loya ndikuthandiza kupeza wabwino. Koma belo sindisaina, ndipo kuno sukhala."

"Mukusankha mlendo kusiya ine?"

"Ndinakulera ndine, Bashir. Sindikukutaya. Koma mwana wa eniyu sindimutulutsa m'nyumba muno kuti ulowe iwe."

Foni inaduka. Marwa sanadziwe ngati nthawi inatha kapena Bashir anaidula yekha.

Marwa atatembenuka anapeza Anifa ataima pakhomo, atavala nsapato, m'manja muli kajumbo ka mankhwala a kuchipatala. Anali atamva zokambirana ndi a Bwanali m'mawa muja, ndipo tsiku lonse anali akudikira kuuzidwa kuti achoke.

"Ndi mlongo wanu, alamu. Ine ndipeza kopita."

"Vulani nsapatozo."

"Abale anu adzakudani chifukwa cha ine."

"Adandaula kale. Vulani."

Anifa anawerama n'kuyamba kumasula zingwe. Marwa analowa m'bafa, natsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu, ndipo analira ngati mmene analirira tsiku limene anaika mayi ake. Atatuluka anapita kuchipinda kukatulutsa diresi yoti avale mawa kukhoti.