Dzina Lokana Kuchoka Pamalaya

Kwathu kuno ku Lampang, mwana salowa m'kalasi popanda dzina lake lopetedwa ndi ulusi wabuluu pachifuwa cha yunifolomu. Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, ndinatulutsa malaya amene anayamba kumuthina Thawin, mwana wanga wachisamba, kuti azivala mng'ono wake Anucha, amene ankakayamba kumene sukulu.

Ndinadula ulusi ndi lezala n'kuuzula wonse, koma timabowo ta singano tinkawerengekabe bwinobwino kuti Thawin. Ndinachapa, ndinasita, mpaka ndinawakalipira malayawo ngati akumva.

"Amayi, musavutike," anatero Anucha. "Dzina langalo mupete m'munsi mwake. Anyamata ovuta akaona, adziwa kuti ndili ndi achimwene."

Thawin, amene ankadya mpunga pakhonde, anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe, ine ndizikamenyana ndi anthu chifukwa cha kamwana kolilalira ngati iweyo? Uiwale!"

Tsiku lotsegulira kunagwa mvula. Ndinaima pachipata n'kumawayang'ana akutsetsereka ndi msewu. Thawin anali atanyamula zikwama zonse ziwiri, ambulera ataipendeketsera kwa mng'ono wake, iye phewa lonse lili lonyowa.