Lebo ya Liwaladzi

Ramsey Useni ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yopereka intaneti m'mbali mwa msewu wa M5. Lachitatu limenelo anakhala m'kachipinda ka makina ku Dwangwa kuyambira m'mawa, kulowetsa maadiresi atsopano otchedwa IPv6.

Makina apakati, kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa, anali akale ndipo maadiresiwo sankawadziwa. Nzeru yake inali yoti makina akumapeto azimata lebo pa uthenga uliwonse, apakatiwo azingoona leboyo n'kupatsirana, monga kondakitala anyamulira thumba la usipa osalimasula.

Ramsey anamata lebo ya Benga, ya kuboma, nayamba ya ku esiteti ya nzimbe. Ya kwawo ku Liwaladzi anaidumpha, poti mzere wake unali kuseri kwa pepala la mndandanda wa malowo.

Cha m'ma 10 koloko Nester wa ku ofesi anamuimbira.

"Achimwene, intaneti ya ku Liwaladzi yagona. Abale anu akulakwirani chiyani?"

"Kumeneko makasitomala ndi asanu okha," anatero Ramsey. "Ndithane kaye ndi a esiteti. Akwathu ndi opirira."

Mudzi wawo uli m'chigwa, foni sigwira. Wofuna kutumiza uthenga amapita pa wayifayi ya kusitolo kwa a Sadick.

Itakwana 4 koloko anatembenuza pepala lija, nalemba m'makina mizere iwiri ya lebo ya Liwaladzi. Nthawi yomweyo foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Anali mauthenga a mlongo wake Zainab, onse kulowa pamodzi.

Wa 8 koloko: "Achimwene, ababa atisiya atangoswali m'mawa. Bwerani."

Wa 11 koloko: "Awasambitsa. Ashehe akuti jeneza inyamuka ikatha swala ya masana."

Wa 2 koloko: "Amalume atsikira m'manda m'malo mwanu."

Potsika minibasi ku Liwaladzi anapeza anthu akupinda mikeka. Zainab anali pakhonde, maso otupa.

"Ndapita kwa a Sadick kanayi," anatero. "Uthenga umangozungulira osapita, mpaka foni ndinaisiya komweko. Ndinawauza kuti intanetiyi ndi ya achimwene anga, singandikane ine. Tikanatuma munthu, koma tikanadziwa bwanji kuti muli ku Benga kapena ku Dwangwa?"

"A Sadick sanalakwe kanthu," anatero Ramsey.

"Nanga zalakwika pati? Odziwa ndinu."

Ramsey anagwira pepala lija m'thumba la malaya.

"Nester anandiuza m'mawa. Ndinati mudikire."

Zainab anakonza mpango wake.

"Amalume ali kuseriko," anatero. "Akakulozerani manda."