Zitsulo za a Telala ndi Alamu Awo

Tangoganizani: amuna awiri achikulire akunyamula zitsulo zofanana, masiku ofanana, koma mmodzi mphamvu zikuwonjezeka, mnzake ayi. Chasiyana n'chiyani?

A Telala anali ndi chifukwa chachikulu chonyamulira zitsulo. Akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mwana wawo wamkazi anali atanena mosapita m'mbali: "Bambo, mukamalepherabe kuwanyamula pabedi n'kuwakhazika pampando, amayi ndidzawatenga akakhale kwanga."

Choncho ankapita ndi alamu awo, amene kale ankayendetsa basi, kuchipinda cha zitsulo kuseri kwa sitolo ya matayala. A Telala sankakhala pansi. Akangotula chitsulo ankachitolanso, ali wefuwefu, thukuta kamukamu. Alamu awo akanyamula kangapo ankakhala pabenchi n'kuyamba nkhani za mabasi akale.

"Alamu, munabwera kudzacheza kapena kudzanyamula?" ankatero a Telala.

"Mukuthamangira kuti, atate? Chitsulo chilibe mawilo, sichithawa."

Miyezi itapita, alamu aja anali akunyamula zolemera kuposa poyamba, pamene a Telala ankangolimbanabe ndi chitsulo chomwe chija. Mutu unawaima. Anasinthana nawo zitsulo, sizinathandize. Anagula nsapato zofanana ndi za alamuwo. Anafika ponunkhiza botolo lawo la madzi.

"Mumathiramo chiyani umu?"

"Madzi a pampopi, a Telala. Mukufuna nditsukenso m'kamwa muone?"

Mwana uja ataimba foni kuti abwera mwezi wamawa, a Telala anagwa mphwayi. Tsiku limenelo anatula chitsulo n'kudziponya pabenchi, ndipo anamvetsera nkhani yonse ya basi imene inaphulika tayala pamlatho. Atadzuka, chitsulo chinakwera mosavuta. Anachiyang'ana, n'kuyang'ananso alamu awo.

"Tafotokozani ina."

Anapitiriza motero mpaka mwanayo anafika. Iye anaima pakhomo la chipinda chogona, chikwama chidakali m'manja. A Telala anawerama, akazi awo n'kuwagwira pakhosi ndi dzanja labwino lija.

"Musandigwetse pamaso pa mwana, bambo inu."

Anawakhazika pampando bwinobwino. Mwana uja anaika chikwama pansi, ndipo zotenga amayi ake sanazitchulenso.

Mpaka lero a Telala samvetsa kuti nkhani za mabasi zimalowa bwanji m'mikono. Koma sizinali nkhani ayi. Alamu awo ankapuma mokwanira asananyamulenso, pamene a Telala sankapuma.