Takusowani, a Useni

A Useni anali munthu woti mukawachititsa manyazi pagulu, basi mwawataya. Ankanyamula katundu ku bwalo la ndege la Chileka, ndipo kwawo ku Lirangwe ankabwerako Loweruka, atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Chifuwa chachikulu chitawagwira, adokotala anati amwe mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Miyezi itatu anamwa bwinobwino, thupi n'kuyamba kubwerera. Kenako mayi awo anamwalira ku Chigaru, ndipo tsiku lokatenga mankhwala linagwera pa maliro. Sabata yotsatira anapita ndithu kuchipatala, koma atangofika pakhonde anamva kalaliki akukuwa: "Othawa mankhwala, imani mbali iyi!" Anthu anayi anaimirira mitu ili pansi, gulu lonse likuwayang'ana ngati ana ogwidwa akuba mango. A Useni anangotembenuka, ulendo wa ku siteji ya minibasi.

Mawu amenewo kalalikiyo sanawapeke yekha. Bungwe lina la kunja, lomwe linkathandiza ndi mankhwalawo, linabwera ndi mabuku ndi mafomu ake, ndipo m'menemo aliyense wodumphitsa tsiku anali wothawa. Kaya unali kumaliro, kaya mtsinje unadzaza, bukulo linalibe mzere wa zimenezo. Olemba ake anali anthu a mtima wabwino, zimenezo palibe angakane, koma pakhonde lija sanaimepo.

Patatha miyezi iwiri chifuwa chinabwerera, tsopano mwaukali. Akazi awo, a Prisca, analankhula mpaka malovu kuuma.

"Bambo a Pempho, mukufuna mutisiye? Nanga mwanayu, mukumutsokomolera chonchi?"

"Ine ndathawa ndani? Ndimaika mayi anga! Dzina limenelo akapatse akuba."

Mantha anali nawo, tisanamizane. Lamlungu lina anaona magazi pa kansalu kawo, nakabisa m'thumba. Ankadziwanso kuti Pempho, khanda la miyezi khumi, akhoza kutengera matendawo. Koma paja manyazi anapha lambe, ndipo a Useni anali pa njira yomweyo.

Lolemba m'mawa, asanakwere minibasi, panafika a Ethel, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mpoza, nakhala pa mkeka. Za mankhwala sanayambire ayi.

"Ndamva mochedwa za mayi. Pepani kwambiri, bambo. Anadwala nthawi yaitali?"

A Useni anali atakonzeka kale ndi mayankho aukali, koma funso ili linawapeza alibe chida. Anafotokoza za matenda a mayi awo, ndi za mvula ya tsiku loika maliro. A Ethel anangomvetsera. Pomaliza ndiye anatulutsa kalata.

"Iyi ndi ya kuchipatala. Lamulo likuti ndikupatseni pamanja."

Inali yotayipa, ya chidindo cha bungwe lija. Mzere woyamba unali wofufutidwa ndi cholembera, ndipo pamwamba pake panalembedwa ndi dzanja kuti, "Takusowani, a Useni." Iwo anakweza pepalalo kudzuwa, nawerenga zomwe zinali pansi pa inki: "Inu mwathawa mankhwala."

"Wafufuta apa ndani?"

"Ndine. Makalata onse makumi atatu ndi awiri."

"Mabwana sakudzudzulani?"

"Anandidzudzula kale. Akuti fomu ya bungwe sitisintha, inachokera kutali. Ine ndinati chabwino, koma fomu simwa mankhwala, amamwa ndi munthu." Anaseka pang'ono. "Mubwere mawa, ndi mwana yemwe."

Tsiku limenelo ndege za ku Chileka zinatera popanda a Useni. M'mawa mwake anafika pakhonde lija, a Prisca ali pambuyo ndi mwana kumsana. A Ethel atawaona anakweza mawu kuti aliyense amve: "Ii, a Useni, mwasowatu! Lowani kuno." Anthu anangosuntha pa benchi kuti adutse, palibe anawacheukira kawiri.

Zotsatira zinatuluka Lachisanu. A Useni anayenera kuyambiranso mankhwala kuchokera pachiyambi. Pempho anapezeka alibe matendawo, anangomupatsa mankhwala omuteteza. A Prisca anakhala pansi pomwepo n'kulira ndi chisangalalo.

Tsikulo kunabweranso mayi wina wachizungu wa ku bungwe lija. Atamva kuti mwa anthu makumi atatu ndi awiri, makumi awiri ndi asanu abwerera, anapempha kalata imodzi yofufuta, naiyang'ana nthawi yaitali. Anati apita nayo ku likulu kuti mawuwo akasinthidwe.

A Useni anafuna kuthokoza, koma mawu ankaoneka ochepa. M'malo mwake anafunsa:

"Nanga anzanga a miyezi yam'mbuyo, amene analandira makalata osafufuta?"

A Ethel anatseka buku lawo.

"Ena sitikudziwa komwe ali. Mmodzi tinamuika dzana, tsidya la mtsinje. Wasiya ana atatu. Kalata yake ndinakapereka ndine, ndisanaganize zogwira cholembera."

A Useni anagwira dzanja la a Ethel ndi manja awiri.

"Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri."

Anapempha madzi, namwa mapiritsi awo oyamba pomwepo, anthu onse akuona.